Mwana Akangoti Zii M'kalasi: Zimene Ofufuza Apeza pa Maganizo a Achinyamata

 

Mudandipempha kuti ndidzalankhule za zimene ofufuza apeza pa matenda a maganizo pakati pa achinyamata. Ndikudziwa kuti ena mumtima mukuti nkhani imeneyi eni ake ndi madokotala a ku Zomba Mental kapena a ku St John of God ku Mzuzu, ife ogwira choko ikutikhudza pati? Funsolo ndi lomveka, ndipo ofufuza adaliyankha kalekale, kungoti yankho lake silidafike m'sukulu zambiri.

M'chaka cha 2005, a Ronald Kessler a ku yunivesite ya Harvard pamodzi ndi anzawo adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adachita ku America. Adacheza ndi akuluakulu oposa 9,000, ndipo aliyense amene adapezeka kuti adadwalapo matenda a maganizo adamufunsa kuti zidamuyamba ali ndi zaka zingati. Theka la matendawo lidali litayamba pofika zaka 14. Magawo atatu mwa anayi adali atayamba pofika zaka 24.

Wina atha kutsutsa kuti munthu wa imvi sangakumbuke bwino zimene zidamuchitikira ali mwana, ndipo akhala kuti sakunama. N'chifukwa chake ine ndimadalira kwambiri kafukufuku wa mumzinda wa Dunedin ku New Zealand. Kumeneko adalemba ana 1,037 obadwa pakati pa 1972 ndi 1973, ndipo akhala akuwaitana kudzawayeza zaka zingapo zikapita, kuyambira ali makanda mpaka lero pamene ena ali ndi zidzukulu. Palibe kudalira kukumbukira. Zonse zili m'mafayilo. Anthuwo atafika zaka 26, ofufuza adatenga amene adali ndi matenda a maganizo n'kutsegula mafayilo awo akale. Theka la iwo adali ataonetsa kale vutolo pofika zaka 15, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse asanakwanitse zaka 18. Atafika zaka 38, anthu 17 okha pa 100 alionse ndi amene adali asanadwalepo matenda a maganizo a mtundu uliwonse. Mvetsani pamenepa: amene sadadwalepo ndiwo ochepa. Matendawa sasankha banja, ndipo si a anthu ong'amba zovala pamsika okha ayi.

Mu 2022, a Marco Solmi ndi anzawo adasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 192 wa m'maiko ambiri, wokhudza anthu oposa 700,000. Msinkhu umene matendawa amayamba kwambiri adaupeza kuti ndi zaka 14 ndi theka. Kwathu kuno ameneyo ndi mwana wa Sitandade 8 kapena Fomu 1. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mmodzi mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo. M'kalasi la ana 70, ndiye kuti tikunena ana 10. Ndipo kalembera wa 2018 adaonetsa kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18. Choncho wodwala amene dokotala wa ku Zomba akumulandira ali ndi zaka 25, atamangidwa zingwe, inu mudakhala naye m'kalasi zaka khumi zapitazo. Mudali oyamba kumuona.

Kodi mudaona chiyani? Kawirikawiri simudaone misozi. Mudaona mtsikana amene teremu yatha ankakweza mkono pa funso lililonse, tsopano wasamukira kudesiki ya kumbuyo, wangoti zii, mutu uli pamikono. Lolemba akuti mutu, Lachitatu akuti m'mimba. Kuchipatala amuyeza malungo kawiri osapeza kanthu, am'patsa panado. Nsima akungoinyema pang'ono n'kuisiya. Kapena mudaona mnyamata amene wayamba kupsa mtima ndi tinthu tachabechabe, kuyankha mwamwano, kujomba. Mwa achinyamata matenda okhumudwa amatuluka motero nthawi zambiri: ukali, kutopa, kusowa tulo, kuphwanya m'thupi, kutsika kwa malikisi. Ife timati ulesi, timati mwano, tim'patsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Sindikunena kuti mwana aliyense wamwano akudwala, kapena kuti chisoni chilichonse ndi matenda. Wolephera mayeso ayenera kudandaula, woferedwa ayenera kulira. Achipatala amayamba kukayikira matenda pamene kusinthako kwadutsa masabata awiri, kuli tsiku ndi tsiku, ndipo kwamulepheretsa mwana kuchita zimene ankachita.

Apa ndikuchenjezeni pa manambala, chifukwa mudzamva ambiri pa wailesi. Kafukufuku wochuluka amagwiritsa ntchito pepala la mafunso limene mwana amachonga yekha: kodi ukugona bwino, kodi umadziona wachabechabe. Pepala lotero limakola ana ambiri, odwala ndi osadwala omwe, chifukwa ntchito yake ndi kusonyeza amene akufunika kuonedwanso. Mukamva kuti theka la ophunzira a sukulu yakutiyakuti ali ndi matenda okhumudwa, funsani kuti adawayeza bwanji. Funsaninso kuti adayezera kuti, pakuti kafukufuku wambiri wa nkhaniyi adachitikira ku America ndi ku Ulaya, pa ana amene sadagonepo ndi njala.

Wathu ndi wochepa, koma ulipo, ndipo wina ndi wapamwamba. Mu 2014, a Maria Kim ndi anzawo adatulutsa zimene adapeza pa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 amene ali ndi kachirombo ka HIV, ku Lilongwe ndi ku Zomba. Iwo sadathere pa pepala lochonga. Mwana aliyense adacheza naye wachipatala wophunzitsidwa. Pafupifupi 19 pa 100 alionse adapezeka ndi matenda okhumudwa. Atafufuza zimene zinkayendera limodzi ndi vutoli adapeza imfa pabanja, kulephera m'kalasi, kusakhala ndi munthu amene udamuululira za kachiromboko, komanso kusekedwa chifukwa chomwa mankhwala. Chomalizachi chimachitikira m'manja mwathu, mamatroni. Mwana ali ku hositelo, botolo la ma ARV walikulunga m'sokosi pansi pa chikwama kuti lisamveke kulira, akudikira anzake agone kuti ameze, tsiku lina tulo tim'peza asanamwe. Kachirombo sitingakachotse, koma kusekako tingakuletse mawa lomwe.

Tsopano ndifike pa kafukufuku amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa adachitikira m'boma la Zomba ndipo amawerengedwa m'mayunivesite a dziko lonse lapansi. Musanamve zotsatira, mumve kachitidwe kake. Mumadziwa mlangizi wa zaulimi akafuna kuonetsa ngati mbewu yatsopano ili yabwino: amagawa munda umodzi pawiri, mbali ina abzala yatsopano, mbali ina yakale, mvula yomweyo, dothi lomwelo, ndiye pokolola muone nokha. Ofufuza amachitanso chimodzimodzi ndi anthu, ndipo amene apite mbali iyi kapena iyo amasankhidwa mwa maere kuti pasakhale kukondera. Kafukufuku wotere ndi amene amatha kunena kuti chakuti chidachititsa chakuti. Wa mtundu wina amangonena kuti zinthu ziwiri zidapezeka pamodzi.

Mu 2008 ndi 2009, a Sarah Baird, a Berk Özler ndi anzawo adatsatira atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 m'madera 176 a boma la Zomba. M'madera ena, osankhidwa mwa maere, mabanja ankalandira ndalama mwezi uliwonse: makolo pakati pa madola 4 ndi 10, mtsikana mwiniwake pakati pa dola imodzi ndi madola 5. Mabanja ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Ena ankalandira pokhapokha mtsikanayo akamapita kusukulu mosajomba. Madera otsala sadalandire kanthu. Palibe amene adapatsidwa uphungu kapena mankhwala.

Zotsatira zake pa maganizo zidatuluka mu 2013. Pakati pa atsikana a pasukulu amene ankalandira popanda lamulo, ovutika maganizo adachepa ndi 38 peresenti poyerekeza ndi osalandira. Pakati pa olandira mwa lamulo adachepa ndi 17 peresenti yokha. Chodabwitsa chili apa: m'gulu la lamulo lija, ndalama ya makolo ikamakula, phindu pa maganizo a mtsikana linkachepa. Taganizani chifukwa chake. Mwana wa zaka 15 wadzuka mutu ukumupweteka, koma akudziwa kuti akajomba, ndiwo za pakhomo mwezi uno zapita, ndipo maso a nyumba yonse ali pa iye. Ndalama imene idabwera kudzam'peputsa yamusenzetsa banja. Chinanso, atsikana amene sadasankhidwe koma ankakhala m'madera momwemo, akuona anzawo akugula sopo ndi mafuta odzola, nkhawa zawo zidakwera. Ndipo ndalama zitasiya kubwera, zonsezi, zabwino ndi zoipa zomwe, zidazimiririka posakhalitsa.

Kafukufuku wina wa Mtukula Pakhomo, wochitikira ku Salima ndi ku Mangochi, amene adatuluka mu 2019, adapezanso kuti zizindikiro za kukhumudwa zidachepa mwa achinyamata a m'mabanja olandira, makamaka atsikana. Ine ndimatengapo izi: gawo lalikulu la kuvutika maganizo kwa ana athu lili ndi dzina lodziwika, ndilo fizi, yunifolomu, sopo, chakudya. Mwana amene mwam'bweza pageti kachitatu chifukwa cha fizi simungam'chize ndi mawu olimbikitsa pa asembule. Ndipo mabungwe amene amapereka mabasale ndi malamulo okhwima, akuti ukalephera phunziro limodzi tikuchotsa, awerenge za ku Zomba zija asanalembe malamulo awo.

Koma ndalama sizili m'manja mwa mphunzitsi wamkulu. Nanga sukulu payokha ingachite chiyani? Maganizo oyamba amene amabwera kwa tonse ndi akuti tiike phunziro pa ndandanda. A ku Britain adayesa zimenezo mozama. Kafukufuku wotchedwa MYRIAD, wotsogoleredwa ndi yunivesite ya Oxford, adakhudza sukulu zoposa 80 ndi ana oposa 8,000 a zaka 11 mpaka 14. Aphunzitsi adaphunzitsidwa bwino, n'kupereka maphunziro khumi a njira yokhazika mtima pansi ndi kuyang'anira maganizo ako. Ofufuzawo ankayembekezera zabwino. Zotsatira zitatuluka mu 2022, patapita chaka panalibe kusiyana pakati pa ana ophunzitsidwa ndi osaphunzitsidwa, ndipo padali zizindikiro zakuti ana amene adali kale pachiopsezo mwina zidawaipira pang'ono. Ana ambiri sankachita n'komwe zimene ankauzidwa kukayeserera kunyumba. Ndimawalemekeza ofufuza amenewa chifukwa adalengeza poyera kuti chinthu chimene ankachikhulupirira sichidagwire ntchito. Ndi mapulojekiti angati kwathu kuno amene adabwerapo kudzatiuza kuti talephera?

Kafukufuku wina amene akukhudza inu mwachindunji adachitikira ku Bihar, chigawo chosauka cha India, kumene makalasi ndi odzaza ngati athu. Dzina lake ndi SEHER, ndipo adatuluka mu 2018 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Sukulu 75 za sekondale za boma adazigawa patatu mwa maere. Gulu loyamba lidapitiriza monga mwa masiku onse. M'magulu awiri enawo adaikamo ntchito yofanana ndendende: bokosi loponyamo madandaulo mosalemba dzina, timagulu ta ophunzira tokambirana, malamulo oletsa kuzunzana, komiti yokhala ndi makolo ndi ana, ndi mwayi wocheza payekha ndi mlangizi. Kusiyana kudali kumodzi. M'gulu lina woyendetsa zonsezi adali mphunzitsi wa pasukulupo. M'gulu linalo adali munthu wamba wa m'deralo, wophunzitsidwa kwa nthawi yochepa, amene ntchito yake idali yomweyo basi. Kumene kudali munthu wamba, kukhumudwa kudatsika, kuzunzana kudatsika, ana ankanena kuti sukulu yasintha. Kumene kudali mphunzitsi, sikudasinthe kanthu.

Musakhumudwe nane, aphunzitsi. Si kuti a ku Bihar adali ouma mtima. Mphunzitsi ali ndi silabasi yoti amalize, makope oti achonge, ndiye uphungu umakhala wa nthawi yotsala, imene siipezeka. Koma chachikulu, m'kuona kwanga, ndi ichi: munthu amene amakulemba malikisi, amene amakhala pa komiti ya chilango, amene amamwa tiyi ndi aphunzitsi ena onse pa buleki, sungamuuze kuti msambo wakudumpha kapena kuti amalume amakulowera m'chipinda usiku. Ife sukulu zambiri timasankha mphunzitsi mmodzi n'kumutcha wa uphungu, nthawi zina yemweyo ndiye wa chilango, kenako n'kumadabwa kuti ana sabwera.

Zoti munthu wamba angathandize zidaonekanso pafupi nafe. Ku Harare, a Dixon Chibanda adaphunzitsa amayi achikulire ogwira ntchito za umoyo m'madera, amene anthu amangowatcha agogo, kukhala pa benchi kuseri kwa chipatala n'kumamvetsera, kenako kuthandiza munthu kusankha vuto limodzi ndi kupeza chochita nalo. Mu 2016 adaonetsa pa anthu 573 kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa okhala pa benchi 14 pa 100 alionse ndi amene adali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa osakhala pa benchi adali pafupifupi theka. Amenewo adali akuluakulu, tisabise. Kafukufuku wa achinyamata ndi wa ku Kenya, wotchedwa Shamiri, wa a Tom Osborn: ophunzira 413 a sekondale, kukumana ola limodzi pa sabata kwa masabata anayi, otsogolera ake achinyamata a zaka 18 mpaka 26 amene si madokotala. Nkhawa ndi kukhumudwa zidatsika kuposa za gulu loyerekezera, ndipo patapita miyezi isanu ndi iwiri kusiyanako kudali kukadalipo. Achinyamata amene adalemba MSCE n'kungokhala pakhomo tili nawo mudzi uliwonse.

Ndikudziwa kuti pa nthawi ya mafunso wina adzuka n'kunena za mafoni, ndiye ndiyankhiretu. Ofufuza sadagwirizane. A Jonathan Haidt, m'buku lawo la 2024 lotchedwa The Anxious Generation, akuti mafoni ndi masamba a mchezo ndiwo aononga ana, ndipo Australia chaka chomwecho idakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 pa masambawo. Koma a Amy Orben ndi a Andrew Przybylski atasanthula mayankho a achinyamata oposa 350,000 mu 2019, adapeza kuti kugwiritsa ntchito zipangizozi kumafotokoza gawo losaposa 0.4 peresenti la kusiyana kwa mtendere wa mumtima pakati pa ana. Kwathu kuno atsikana a ku Zomba aja ankavutika maganizo ambiri alibe foni. Chimene ndingayang'ane ine si maola, koma chimene mwana akuchita pa foniyo: kubetcha mpira ndi ndalama ya fizi, kunyozedwa pa gulu la WhatsApp, kugona 2 koloko usiku.

Pa chamba umboni ndi wolimba kuposa apo. Ku Sweden adatsatira anyamata oposa 45,000 olembedwa usilikali kwa zaka 15, ndipo mu 1987 adalengeza kuti amene adali atasutapo koposa ka 50 mwayi wawo wodwala misala yotchedwa schizophrenia udali kasanu ndi kamodzi kuposa wa osasuta. Osuta ambiri sapenga, n'chifukwa chake mnyamata amakulozerani mnzake amene amasuta koma ali bwinobwino. Koma ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20, ndipo woyamba msanga ndiye ali pachiopsezo chachikulu. Muuzeni zoona zonse ziwiri; mukam'namiza kumodzi sakumveraninso kwina.

Yatsala nkhani imene timaiopa kuitchula. Kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29 padziko lonse. Ambiri timakhulupirira kuti ukamufunsa mwana ngati akuganiza zodzipha ndiye kuti wam'patsa maganizowo. A Madelyn Gould adayesa zimenezi mu 2005 pa ophunzira 2,342 a sekondale m'chigawo cha New York: ena adafunsidwa, ena ayi, mwa maere. Ofunsidwa sadavutike mtima kuposa anzawo, ndipo amene adali kale pamavuto adaoneka opepukidwa atafunsidwa. Choncho funsani, mosazungulira, pamalo poduka mphepo, ndipo akavomera musamusiye yekha kapena kumuopseza. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chachiwiri tikuphunzira ku Sri Lanka, dziko la alimi ngati lathu. Boma litaletsa mankhwala a mbewu oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 peresenti kuchokera mu 1995, ndipo zokolola sizidatsike. Anthu sadasiye kukhala ndi mavuto. Kungoti maganizo odzipha, makamaka mwa wachinyamata, nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi n'kudutsa, ndipo ngati chakupha sichili pafupi, munthuyo amaona mawa. Pa msonkhano wa makolo wotsatira, auzeni kuti mankhwala a m'munda ndi a makoswe azitsekeredwa ndi loko, kiyi ali ndi wamkulu.

A wapampando, pempho langa ndi ili. Teremu ikubwerayi isanatsegulidwe, komiti ya sukulu iliyonse ipeze munthu mmodzi wodalirika amene salemba malikisi ndipo sapereka chibalo, mayi wa m'deralo kapena wachinyamata womaliza sukulu, amene angasunge chinsinsi. Mupemphe a zaumoyo a m'boma lanu amuphunzitse, mum'patse malo okhala ndi tsiku lodziwika, ndipo ana onse alidziwe dzina lake. Mphunzitsi wamkulu akhale ndi nambala ya namwino woona za matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha boma lanu. Ndipo muzilemba, popanda mayina, kuti ana angati abwera, angati atumizidwa kuchipatala, angati asiya sukulu poyerekeza ndi chaka chatha. Chaka chikatha mudzatiuze zimene mwapeza, ngakhale zitakhala kuti sizidathandize.